Chizindikiro Chopanda Mudzi: Kuunika Zolosera Nyengo za ku Ireland m'Makope a Ana a Sukulu

Mawu oyamba

Chaka chatha, pa phunziro la kumasulira, aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe zolembedwa za chikhalidwe cha anthu a dziko lina n'kuziika m'Chichewa. Ine ndinasankha zizindikiro zimene anthu a kumidzi ya ku Ireland ankalosera nazo nyengo. Ndinkaona ngati ndatola ntchito yopepuka poti ziganizo zake n'zazifupi: mphaka akafulatira moto ndiye kuti kukubwera mkuntho, galu akamadya udzu kugwa mvula, mwaye ukamayoyoka m'chumuni kunja kusintha. Usiku umodzi wokha ndinamasulira zizindikiro makumi atatu. Nditaziwerenga m'mawa mwake ndinapeza kuti mawu onse ndawalondola, koma sakunena kanthu. Munthu wa ku Dedza kapena wa ku Chipata ataziwerenga akanangoti ndi mndandanda wa zikhulupiriro zopanda mutu, ndipo sakanalakwa, chifukwa mndandanda umene ndinapangawo unalidi wotero.

M'nkhani ino ndikuunika gwero limene ndinatengako zizindikirozo, lomwe ndi makope a ana a sukulu a ku Ireland a zaka za 1937 mpaka 1939. Mfundo yanga ndi imodzi: chizindikiro cha nyengo chimagwira ntchito pamalo pamene chinabadwira, pakati pa anthu odziwa phiri, gombe ndi mphepo za pamalopo. Makopewa ndi amtengo wapatali pamene asunga malowo, ndipo amafooka pamene awataya. Womasulira ayenera kusiyanitsa ziwirizi asanayambe kusaka mawu.

Kumene zolembedwazi zinachokera

M'chaka cha 1935 boma la Ireland linakhazikitsa bungwe lotolera nthano ndi miyambo lotchedwa Irish Folklore Commission, ndipo mtsogoleri wake anali Séamus Ó Duilearga. Patapita zaka ziwiri bungweli linagwirizana ndi unduna wa zamaphunziro komanso bungwe la aphunzitsi kuti ana a m'makalasi akuluakulu a pulayimale azifunsa makolo, agogo ndi anansi awo nkhani zakale, n'kumalemba zimene amva ngati chimangirizo cha kusukulu. Sukulu pafupifupi 5,000 za m'maboma 26 zinachita nawo ntchitoyi, ana oposa 50,000 analemba, ndipo masamba onse pamodzi ndi pafupifupi 740,000. Zolembedwazi zimasungidwa ku University College Dublin, ndipo zambiri zinajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti pa dúchas.ie, pamene ndinaziwerengera ine. Maboma asanu ndi limodzi a kumpoto, amene anali kale pansi pa ulamuliro wina, sanalowe m'ntchitoyi.

Aphunzitsi analandira kabuku kolembedwa ndi Seán Ó Súilleabháin kokhala ndi mitu 55 yoti ana afunsepo. Umodzi mwa mituyo unali wa zizindikiro za nyengo, ndipo kabukuko kankalozera mwana zoti afunse: thambo, dzuwa, mwezi, mphepo, mbalame, nyama, utsi ndi zina zotero. Ubwino waukulu wa ntchitoyi ndi woti pansi pa nkhani zambiri pali dzina la sukulu, dzina la mwana, dzina la munthu amene anamuuza, mudzi wa munthuyo, ndipo nthawi zina ngakhale zaka zake. Choncho wowerenga wofatsa atha kutenga chizindikiro n'kuchibwezera pa mapu. Ine usiku uja sindinachite zimenezi. Ndinangotola ziganizo n'kusiya maina a malo, ngati mmene amachitira ambiri opanga timabuku ndi mindandanda ya nzeru za makolo a ku Ireland.

Chifukwa chake nyengo inali nkhani ya moyo

Ireland ndi chilumba chimene chili m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ndipo mphepo imene imaomba kawirikawiri imachokera kumwera chakumadzulo. Nthambi yoona zanyengo ya dzikolo, Met Éireann, imene inakhazikitsidwa mu 1936, imati mbali yaikulu ya kum'mawa imalandira mvula ya mamilimita 750 mpaka 1,000 pa chaka, ya kumadzulo 1,000 mpaka 1,400, ndipo m'mapiri ambiri imapitirira 2,000. Mlimi wa kumeneko sankadandaula kuti mvula ibwera liti. Nkhawa yake inali yoti ileka liti, ndipo ileka kwa masiku angati. Udzu wa ng'ombe ukamwetedwa umafunika masiku angapo ouma kuti uunjikidwe usanawole. Nkhuni zawo zinali dothi lakuda la m'madambo, limene m'Chiairishi amati móin, lomwe ankalidula zidutswazidutswa n'kuliyanika kuti liume. Banja limene lalakwitsa kuwerenga thambo linkalowa m'nyengo yozizira lopanda chakudya cha ziweto ndi moto wokwanira.

Kwa asodzi nkhaniyi inali yoopsa koposa. Madzulo a pa 28 Okutobala 1927 nyanja inali bata, ndipo asodzi a kugombe la kumadzulo analowa m'madzi ndi timabwato tawo topalasa. Namondwe anawapeza mwadzidzidzi ndipo anthu 45 anamira, ambiri mwa iwo a kufupi ndi Cleggan ndi pa chilumba cha Inishbofin m'boma la Galway, komanso a ku Inishkea ndi ku Lacken m'boma la Mayo. Patangopita zaka zochepa anthu a pa zilumba za Inishkea anasamukira kumtunda. Ngoziyi inachitika zaka khumi zokha ana a sukulu asanayambe kulemba. Akuluakulu amene ankayankha mafunso a anawo m'madera amenewa anali anthu oti anaikapo maliro chifukwa cha nyengo, ndipo zimene ankanena tiyenera kuziwerenga tikukumbukira zimenezo.

Zizindikiro zokhala ndi mudzi

Gulu loyamba la zizindikiro, lomwe ndimaliona kuti ndilo mtima wa zolembedwazi, ndi la zimene zimatchula malo. Mwana wa ku Mayo amalemba za mtambo wokhala pamutu pa phiri la Nephin kapena la Croagh Patrick ngati chipewa. Wa ku Tipperary amayang'ana Slievenamon. Wa kufupi ndi nyanja amanena za mkokomo wa mafunde umene ukamveka kuchokera ku gombe lakutilakuti ndiye kuti kugwa mvula, pamene ukamveka kuchokera ku gombe lina ndiye kuti kunja kukhala bwino. Wina amanena za kulira kwa sitima ya pamtunda kumene kumamveka pafupi kuposa masiku onse.

Zizindikiro izi zili ndi chifukwa chomveka. Mpweya wachinyontho ukakwera phiri umazizira n'kupanga mtambo, motero chipewa cha paphiri chimasonyeza kuti mpweya umene ukubwera wadzaza madzi. Phokoso limayenda ndi mphepo, choncho munthu womva mafunde a gombe la kumwera chakumadzulo akumva kumene mphepo ikuchokera, ndipo ku Ireland mphepo ya kumeneko ndiyo imanyamula mvula. Koma taonani chimene chimachitika tikachotsa dzina la gombe n'kulemba chabe kuti kumva mafunde ndi chizindikiro cha mvula. Chiganizocho chafa, pakuti chinsinsi chake chinali mbali imene womverayo waima. Gombe lomwelo limene kwa mudzi wina lili kumwera, kwa mudzi wina lili kumpoto, ndipo uthenga wake umatembenuka.

Ngakhale zizindikiro za kuthambo, zimene zimaoneka ngati za aliyense, zili ndi mudzi wake. Kufiira kwa thambo dzuwa likamalowa kumalonjeza tsiku labwino chifukwa m'dera limene kuli Ireland mitambo ndi mikuntho zimayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Ngati kuwala kwa dzuwa lolowa kukudutsa bwino, ndiye kuti kumadzulo, kumene nyengo ya mawa ikuchokera, kulibe mitambo yambiri. Mkombero wozungulira mwezi umapangika pamene kuwala kukudutsa m'timibulu ta madzi oundana ta m'mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, ndipo mitambo yotere nthawi zambiri imatsogolera mpweya wofunda umene umabweretsa mvula. Apa anthu a kumudzi ndi akatswiri a zanyengo akugwirizana. Nditaika chizindikiro cha thambo lofiira m'Chichewa popanda kufotokoza izi, ndinali kuuza wowerenga wa ku Malawi chinthu chimene iye angachiyese ndi thambo lakwawo, kumene mvula siyendera njira imodzi yochokera kumadzulo. Akanachiyesa n'kupeza kuti n'chabodza, pamene chabodza chinali kumasulira kwangako.

Chimene chinandithandiza kumvetsa ndi mawu athu akuti chiperoni. Kamvula kowaza ndi nkhungu yozizira zimene zimakuta Thyolo, Mulanje ndi Blantyre m'miyezi yozizira zinatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepo yake imachokera. Dzinali ndi mapu mwa ilo lokha, ndipo limamveka bwino kwa munthu amene phirilo lili kumwera chakum'mawa kwake. Mwana wa ku Mayo wolemba za Nephin ankachita zofanana.

Zinyama ndi za m'nyumba

Gulu lachiwiri ndi la mphaka, galu, achule, anamzeze, mwaye ndi utsi. Ili ndilo limachuluka m'makope, ndipo ndilo limakondedwa ndi opanga mindandanda. Zina mwa izo zili ndi maziko. Mwaye umayamwa chinyontho, ndiye mpweya ukanyowa umalemera n'kuyoyoka. Anamzeze amatsatira tizilombo touluka, ndipo tizilomboto timatsika m'munsi kukazizira kapena kukachita chinyezi. Zina, monga za galu wodya udzu, zilibe pogwira.

Vuto la gulu lonseli n'loti makope sanena kuti chizindikirocho chinalondola kangati ndipo chinaphonya kangati. M'madera ena a kumadzulo kwa Ireland mvula yoposa milimita imodzi imagwa masiku pafupifupi 225 pa chaka, kutanthauza masiku atatu pa asanu alionse. M'dziko lotere aliyense wonena kuti mawa kugwa mvula amakhoza kawirikawiri, kaya wayang'ana galu kaya sanayang'ane chilichonse. N'chifukwa chake ndimaona kuti zizindikiro za nyengo youma, monga utsi wokwera mowongoka kapena anamzeze ouluka m'mwamba, zinali zofunika kwambiri kwa mlimi, ngakhale kuti m'makope zimachepa poyerekeza ndi za mvula.

Palinso vuto la kalembedwe. Chifukwa choti kabuku ka mafunso kanatchula magulu a zinthu, ana ambiri analemba motsata magulu omwewo, chiganizo chimodzi pa chinthu chimodzi. Koma msodzi kapena mlimi sankawerenga chizindikiro chimodzi pachokha. Ankayang'ana mphepo, mtundu wa nyanja, mitambo ndi mbalame nthawi imodzi, n'kuziyeza pamodzi ndi zimene anaona dzulo. Luso linali m'kuyezako. Mndandanda umatipatsa ziwiya koma osationetsa dzanja lozigwiritsa ntchito. Kuwonjezera apo, kabukuko kanaika nkhani za mikuntho yakale pa mutu wina. Kumeneko n'kumene timapeza nkhani za usiku wa mphepo yaikulu, Oíche na Gaoithe Móire, wa pa 6 Januwale 1839, umene unasasula nyumba m'dziko lonse. Usikuwo unakhazikika m'mitima ya anthu kotero kuti penshoni ya okalamba a zaka 70 itayamba mu 1909, ena opanda zikalata za kubadwa ankafunsidwa ngati akuukumbukira, poti kalembera wa boma wa ana onse obadwa anayamba mu 1864. Mitu iwiriyi inalekanitsa chizindikiro ndi zotsatira zake. Wowerenga wanzeru ayenera kuiwerenga limodzi, sukulu ndi sukulu.

Zizindikiro za pa kalendala

Gulu lachitatu limamangirira nyengo ku masiku a chaka. Anthu ankati Brigid Woyera analonjeza kuti kuyambira tsiku lake, pa 1 Febuluwale, tsiku lachiwiri lililonse lidzakhala labwino. Ankatinso mvula ikagwa pa 15 Julaye, tsiku la Swithin Woyera, igwa masiku makumi anayi. Zipatso za m'tchire zikachuluka ankati nyengo yozizira idzakhala yoopsa.

Tikaziyesa ngati zolosera, izi zimagwa msanga. Kuchuluka kwa zipatso kumanena za nyengo imene yapita, pamene mtengo unkachita maluwa. Koma kuziyesa motero n'kusamvetsa ntchito yake. Chitsanzo chabwino ndi nthano ya Laethanta na Bó Riabhaí, masiku a ng'ombe ya mawangamawanga. Ng'ombe yokalamba inadzitama kuti mwezi wa Malichi walephera kuipha. Malichi atamva anakabwereka masiku atatu kwa Epulo, nabweretsa chisanu choopsa, ng'ombe ija n'kufa. Nthanoyi sikuuza munthu za mawa. Ikukumbutsa mlimi kuti kumapeto kwa nyengo yozizira, pamene udzu wosungidwa watha ndipo msipu watsopano usanamere, ndi pamene ziweto zimakhala zofooka kwambiri, choncho asafulumire kusangalala. Ili ndi langizo lovekedwa nthano, ndipo m'Chichewa liyenera kumveka ngati nthano, ndi kamvekedwe ka agogo pamoto. Ine poyamba ndinalilemba mofanana ndi za mwaye ndi utsi, ndipo linangooneka ngati bodza.

Zimene zinalowera pakhomo la sukulu

Chinthu china chimene wowerenga makopewa amachiona msanga n'choti ana a m'maboma otalikirana analemba ndakatulo imodzimodzi ya Chingerezi yondandalika zizindikiro za mvula. Ndakatuloyo, yotchedwa Signs of Rain, anthu ambiri amati inalembedwa ndi Edward Jenner, dokotala wa ku Gloucestershire ku England amene anatchuka ndi katemera wa nthomba, ndipo anamwalira mu 1823. Swithin amene ndamutchula uja analinso bishopu wa ku Winchester, ku England komweko. Choncho zina mwa zimene lero zimafalitsidwa ngati nzeru zakale za Aairishi zinafika m'midzi kudzera m'mabuku ndi m'Chingerezi, n'kubwereranso kusukulu m'makope a ana.

Izi sizichititsa makopewa kukhala achinyengo. Chimene anthu aloweza n'kumachinena pakhomo chasanduka chawo, ndipo makopewa akuonetsa mokhulupirika zimene zinkanenedwa m'nyumba za ku Ireland m'zaka zimenezo. Cholakwa chimakhala cha ife obwera pambuyo tikamatenga chilichonse cha m'kope ngati chinachokera kwa makolo akalekale osakhudzidwa ndi buku. Phunziroli likutikhudza ife ophunzira ziyankhulo za mu Africa. Tikapita kukafunsa agogo miyambi, ena amatipatsa imene anaiwerenga m'buku la Chichewa la kusukulu, ndipo funso limene tafunsa ndilo limasankha yankho limene tilandire.

Chiyankhulo

Mbali yaikulu ya makopewa ili m'Chingerezi, chifukwa pofika m'zaka za m'ma 1930 Chiairishi chinali chitatsalira makamaka m'madera ena a kumadzulo ndi kumwera. Apa pali kutayika kumene womasulira ayenera kukudziwa. Chiairishi chimasiyanitsa kukhala kumadzulo, thiar, kupita kumadzulo, siar, ndi kuchokera kumadzulo, aniar, ndipo chimachita chimodzimodzi ndi mbali zina zonse. Munthu woyankhula chiyankhulochi akamatchula mphepo amanena ndi liwu limodzi kumene ikuchokera. Palinso chining'a chimene chimati chinthu chafikira munthu aniar aduaidh, kuchokera kumpoto chakumadzulo, kutanthauza kuti chamudzidzimutsa. Nkhani ya mphepo inalowa mpaka m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku.

Liwu lakuti aimsir limatanthauza mmene kunja kulili, limatanthauzanso nthawi, ndipo m'malamulo a chiyankhulo ndilo limatchula nthawi ya mneni. Chingerezi chimafuna mawu osiyana pa zinthu zimenezi. Chichewa chili pafupi ndi Chiairishi pamenepa, chifukwa liwu lathu lakuti nyengo limanyamula mmene kunja kwachera komanso chigawo cha nthawi. Nditazindikira izi ndinasiya kudalira Chingerezi chokha ngati mlatho. Ndinaonanso kuti Chichewa chili ndi mawu ake olekanitsa mitundu ya mvula, monga mvumbi, mvula yowaza ndi chizimalupsa, ndipo si onse amene angalowe m'nkhani ya ku Ireland. Mvumbi umakwanira bwino. Chizimalupsa sichingalowe, chifukwa chimafuna dziko lokhala ndi chilimwe chautali ndi tchire lopserera.

Mawu otsiriza

Ntchito imene ndinapereka pamapeto pake inali ndi zizindikiro khumi ndi ziwiri m'malo mwa makumi atatu. Pa chilichonse ndinalemba boma limene chinachokera, kumene kuli nyanja kapena phiri kuchokera pamudziwo, ndi ntchito imene anthu ankaopa kuti iwonongeka. Nthano ya ng'ombe ndinaimasulira payokha ngati nthano. Ndakatulo ya Chingerezi ija ndinaisiya, n'kufotokoza chifukwa chake.

Makope a ana a ku Ireland ndi chuma chachikulu, ndipo mphamvu yake ili m'timizere tating'ono ta m'munsi mwa tsamba, pamene palembedwa mudzi ndi dzina la wonena. Kwa anzanga amene mudzamasulire zolembedwa zotere, kapena amene mudzapite kukatolera zizindikiro za nyengo kwa akuluakulu a kwanu, pempho langa n'lakuti musathamangire kufunsa ngati chizindikirocho n'choona. Yambani mwafunsa kuti wonenayo anaima pati, ankayang'ana kuti, ndipo akanataya chiyani akanalakwitsa.